Pa Chigongono Sitinaboole

Ku msasa wa kuphiri,
Lachinayi, 17 Okutobala.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani mwadzuka bwinoko, chifuwa chija chitakupatsaniko mpata. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa latiwamba mpaka tayamba kufanana ndi miyala imene timagwirayi. Ndikudziwa kuti maso anu sakukulolaninso kuwerenga, ndiye amene agwire pepalali ndi achemwali. Achemwali, chonde, muwerenge zonse monga ndalembera. Ine ndimakudziwani, mukafika pamene pakuwawa mumatsokomola dala n'kudumpha mizere. Lero musatero.

Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni monga mwa masiku onse. Ndinayesa. Dzulo masana ndinakwera pa chulu chimene timapezerapo netiweki, ndinaimba, koma nditangomva mukuti "Halo, Kanyundo," ndinadula. Mwina munaganiza kuti ndi netiweki yathu yovutayi. Sinali netiweki, Bambo, ndinali ine.

Chipewa chimene munanditumizira ndinalandira, zikomo kwambiri. Ndi chachikulu, chimandifika m'maso, moti anzanga akuti ndikamabwera amayamba kuona chipewa, munthu pambuyo. Alamu ndawathokoza ponyamula phukusilo mpaka ku depoti. Ndamvanso kuti mapilitsi a m'mawa mwayamba kuwabisa pansi pa pilo. Bambo, ukalamba wake umenewo? Ife munkatitsina mphuno kuti timeze.

Achemwali anandiuza kuti majombo anu aja mwawatulutsa pansi pa bedi n'kuwapaka polishi, ndipo nyundo yanu ili kale m'chikwama. Akuti mwauza aliyense, kuyambira wometa tsitsi wa pakona mpaka anesi a kuchipatala, kuti mwana wanu wapeza golide pa phiri lomwe lija anzanu a ku ofesi ya za miyala ankakusekani nalo, lija anakupatsirani dzina loti a Maloto. Akuti mukubwera kudzaona ndi maso anu makina akuboola pa chigongono. Ndine ndinakuuzani kuti mubwere. Tsiku limenelo ndinkanena zoona monga ndinkazidziwira, koma zinthu zasintha, ndipo nkhani ya kalatayi ndi imeneyo.

Mundilole ndifotokozeko pang'ono chifukwa cha achemwali, poti iwowa miyala amangoidziwa ikawapunthwitsa. Mukukumbukira, achemwali, Bambo ankaika buku lakale pakati pa zikhatho zawo patebulo, n'kukankha dzanja limodzi kutsogolo lina kumbuyo, masamba a bukulo n'kupendekeka? Inu munkanyamula mbale n'kuthawa, ine ndinkatsala kukamwa kuli yasa. Ankatanthauza kuti kalekale, pansi penipeni pamene pamatentha, matanthwe awiri aakulu anakhulana, lina kupita uku lina uko. Mwala wa pakati unafinyika, unapekeseka, n'kukhala masambamasamba. Malo amenewo Bambo amawatcha chipsera, ndipo chipsera cha phiri lino chimayenda ulendo wautali, kudutsa zitunda ndi makwawa. M'ming'alu ya chipseracho munkakwera madzi otentha ochokera pansi, atasungunula mwala woyera ndi tigolide tochepa. Thanthwe likagwedezeka, mng'alu n'kutseguka, madziwo ankasiya katundu wawo m'menemo, lero pang'ono, patapita zaka zosawerengeka pang'ononso. Chimene chinatsala ndiye timachitcha mtsempha. Koma mtsempha sukhala wofanana ponseponse. Pena umanenepa, pena umaonda mpaka kutsala ngati ulusi. Bambo amati umanenepa kwambiri pamene chipsera chakhota, chifukwa pokhota matanthwe akakhulana amasiya mpata waukulu. Pa phiri lino pokhota pake ndi pamodzi, kuseri kwa chitunda, ndipo ndi pamene iwo amati pa chigongono.

Ndanena bwino, Bambo? Ngati ndaphonya penapake mundikonze, ngakhale ndikudziwa kuti mundikonza ndisanapemphe.

Kampani itandilemba ntchito, ndinawauza abwana za chigongonocho tsiku loyamba lomwe. Abwana athu ndi munthu wabwino, wolankhula motsitsa, amene tiyi amamwa atazizira chifukwa amaiwala kuti wathiridwa. Anamvetsera, anayang'ana mapu, kenako anati, "Mayi, kumeneko kulibe msewu. Eni kampani sangatumize katapila chifukwa cha maganizo a munthu wopuma pantchito, ngakhale ali bambo anu. Yambani mwaboola kuno kufupi ndi msewu. Mukandionetsa kanthu, msewu wa ku chigongono ndilambula ndine." Ndinavomera, ndipo anandisiyira kuti ndisankhe ndekha poimika makina.

Apa ndiye pamene ndinalakwa, Bambo. Munandiphunzitsa kuyambira ndili wamng'ono kuti mwala wa pamalo otsetsereka umanama. Dothi likamatsika pang'onopang'ono limakoka mitu ya miyala, n'kuiweramitsa kumunsi, ndiye munthu ukayeza pamenepo umaona ngati masamba a thanthwe apendekera uku pamene pansi apendekera uko. Munkati, "Tsika m'khwawa, Kanyundo, kayeze pamene madzi anakokolola dothi. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine khwawalo ndinalifika. Linali lodzaza ndi chitedze mbali zonse ziwiri, dzuwa lili pamutu, nsapato ikundiluma. Ndinayang'ana chitedzecho, ndinayang'ana miyala yooneka bwino imene inali pamtunda, ndinati aaa, kodi pangasiyane chiyani. Ndinayeza pamtunda. Miyala inandiuza kuti yapendekera kum'mawa, ine n'kukhulupirira, n'kuimika makina molingana ndi bodza limenelo. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Achemwali, makinawo amalowetsa chitsulo chobooka pakati, ndipo chimatulutsa mwala wozungulira wautali umene ife kuno timautcha makandulo. Timawasanja m'mathireyi mu shedi, n'kumawawerenga monga inu muwerengera kalatayi. Poyamba anatuluka makandulo otuwa, a mwala wamba. Kenako m'mawa wina kapitawo wa oboola, amene timawatcha a Girisi chifukwa sitinawaonepo ali oyera, anabwera akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Mayi! Siyani tiyiyo, bwerani mudzaone zimene mwatiputira!"

Mwala woyera, Bambo. Osati woyera mbee ngati mkaka uja mumati ndi wosabala, koma wotuwirako, wa mizere yakuda yopyapyala. Thireyi inadzaza, ina inadzaza, inanso. Ndipo m'mbali mwa mizereyo munali timadontho tachikasu tooneka popanda ndi kagalasi kokuzira zinthu komwe. Ndinatikanda ndi nsonga ya mpeni, sitinaphwanyike, tinangophwatalala monga amachitira golide weniweni. A Girisi anavina ndi majombo awo olemera aja mpaka fumbi linalowa mu shedi. Mayi amene amatiphikira analulutira. Abwana anakhala pansi pa chidebe, akungopukusa mutu, akuti, "Mtsempha wonenepa ngati nyumba. Mayi, bambo anu ndi mneneri."

Masana omwewo ndinakuimbirani. Nditakuuzani nkhaniyo munati, "Bwerezanso, Kanyundo, koma pang'onopang'ono." Ndinabwereza. Munati, "Amayi ako akanamva izi, akanandikhululukira miyala ija ndinkadzaza pawindo." Ndinalira, inunso ndinakumvani mukumina. Ndikaganiza tsopano ndimadabwa kuti simunandifunse kuti mizereyo yagona bwanji, inu amene munkafunsa funso limenelo ngakhale pa mwala wotola panjira. Chimwemwe chinatitseka m'maso tonse awiri.

Abwana anasunga mawu awo. Katapila anabwera, anayamba kulambula msewu wa ku chigongono. Nthawi imene inatsala mvula isanagwe inali yokwanira dzenje limodzi lokha, chifukwa makinawa ndi obwereka ndipo akudikiridwa kwina. Dzenje limenelo linali lanu, Bambo. Aliyense pamsasa ankalitcha choncho, dzenje la madala.

Ndiye m'mawa wina ndili ndekha mu shedi, ndikutsuka makandulo ndi bulashi kuti ndiwajambule, madzi atanyowetsa mwala, ndinaiona. Mizere yakuda ija ndi tizibenthu ta khoma la mtsempha, ndipo nthawi zonse imagona motsata mtsemphawo. Chitsulo chikadula mtsempha chopingasa, mizere imazungulira kandulo ngati mphete. Yanga sinkazungulira. Inkayenda m'litali mwa kandulo, kuchokera kumutu mpaka kumapeto, thireyi ndi thireyi. Bulashi inandigwa m'manja.

Achemwali, tiyerekeze thabwa. Mukakhoma msomali pamimba pa thabwa, umatulukira kuseri msanga, n'kudziwa kuti thabwalo ndi lopyapyala. Koma mukaukhoma m'mphepete, umayenda m'thabwa momwemo mpaka kuthera, ndipo mungalumbire kuti mwakhoma m'chipika. Ine ndinakhoma m'mphepete.

Sindinauze munthu. Ndinatenga kampasi, ndinatsika m'khwawa muja, ndinalowa m'chitedze ndi manja osavala kanthu. Kuyabwa kwake sindinakumve mpaka pobwerera. Pansi, pamene madzi anatsuka thanthwe, masamba ake anali atapendekera kumadzulo, poyera, mosabisa. Akanandiuza kalekale ndikanangotsika kukawafunsa.

Abwana ndinawapeza mu tenti yawo. Nditamaliza kufotokoza anandifunsa funso limodzi.

"Mwauza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye khalani pansi, Mayi, musiye kudzikanda." Anatseka chinsalu cha pakhomo. "Tamverani. Msewu wa ku chigongono wafika pakati. Tiyeni tipite monga tinapangana. Tikakapeza chenicheni kumeneko, nkhani ya dzenje loyambali idzakhala kachilema kakang'ono, tidzaikonza m'lipoti. Sindikuti tiname. Ndikuti tidikire."

"Nanga eni kampani mwawauza kale zoti mtsempha ndi wonenepa ngati nyumba?"

"Ndinawauza."

"Iwo auza ndani?"

Yankho ndinali ndikuliona pageti m'mawa uliwonse, anthu atafola kudzafunsa ntchito ya mumgodi umene kulibe. Mayi wotiphikira uja anali atandiuza monyadira kuti amuna awo asiya ntchito ya ulonda m'tauni, akubwera kudzakhala oyamba pamzere. Ndipo dzina limene linasainidwa pansi pa lipoti la zonsezo linali langa, limene ndi lanunso.

Ndinati, "Bwana, makina awoloke khwawa, aboole kuchokera kumadzulo, adule mtsemphawu chopingasa. Tidziwe kunenepa kwake kwenikweni."

"Mukudziwa kuti ukakapezeka wowonda atiitana tonse kuti tipakire?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo dzenje la bambo anu?"

Bambo, pamenepo ndikanatha kuluma lilime. Mulungu ndi mboni, mawu oti "chabwino, tidikire" anafika pakhosi. Koma mukundidziwa mwana wanu, ndikapsa mtima pakamwa pamathamanga kuposa mutu. Ndinati, "Mukakana ndikwera pa chulu ndiwaimbire ndekha eni akewo." Komanso, kunena zoona, mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kopusa koti mwina ngakhale chopingasa ukhala wonenepa ndithu, ndiye tipeza zonse ziwiri, chilungamo ndi chigongono. Abwana anangovula magalasi n'kuwapukuta. Anati, "Makani awa ndi a kumtundu, eti?"

Katapila anabwerera pakati pa njira kudzakoka makina. Tinaboola kuchokera kumadzulo. Masiku amenewo msasa unali zii, ngakhale wailesi ya oboola inkalira motsitsa. Anatuluka makandulo otuwa, otuwa, kenako mwala wa masambamasamba wa m'chipsera, wobiriwirako, woterera m'manja, monga momwe munalembera m'lipoti lanu lakale la phiri lino. Kenako a Girisi anabwera ku shedi akuyenda, osati kuthamanga. Anatambasula dzanja limodzi. Kachidutswa koyera kanakwana m'chikhatho chawo, mizere yake itazungulira bwinobwino ngati mphete.

"Ndi womwewu, Mayi?"

"Ndi womwewo."

"Wonse?"

"Wonse, a Girisi."

Anakatembenuza, anakapukuta pa ovolosi yawo, anati, "Komatu kagolide kalimo, onani apa." Kanalimodi, kadontho kamodzi. Ndiye pa mfundo yoti chipsera cha phiri lino chili ndi golide, simunalote, Bambo, ndipo zimenezo ndikhoza kulumbira pamaso pa aliyense wa anzanu aja amene akadali moyo. Koma mtsempha wa chikhatho chimodzi palibe amene angaukumbire mgodi.

Abwana anayesetsa, ndisawanamizire. Ndinawamva pafoni akuchonderera za chigongono mpaka mawu anasasa. Eni kampani anati dzenje loyamba lawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndiye alibe chifukwa chokhulupirira lachitatu. Anati tipakire. Pamene ndikulemba pano makina aphwasulidwa kale, zitsulo zamangidwa pa lole, ndipo mu shedi mwatsala mathireyi okha amene tikuwakhomerera zivindikiro. Mayi wotiphikira sakundiyankhula. Amangondiikira mbale patebulo n'kutembenuka, ndipo sindingawadzudzule.

Chiyambireni ndakhala ndikudzifunsa. Kulakwa koyamba, kwa pamtunda paja, n'kwanga ndipo kulibe pothawira. Ndikanatsika m'khwawa tsiku lija, dzenje loyamba likanaonetsa mtsempha wowonda koma wa golide, popanda wina kuchita manyazi, ndipo ndikanati kwa abwana, mwaona, golide alipo, tsopano tiyeni pokhota pamene amanenepa. Ndikukhulupirira kuti akanalola. Ndinataya zimenezo chifukwa choopa kuyabwa. Koma chachiwirichi, chotembenuza makina, ndi chimene chikundidya. Mukandifunsa ngati ndinachita bwino, ndinena kuti inde. Mukandifunsa ngati ndingachitenso nthawi itabwerera, Bambo, sindikuyankhani, chifukwa yankho limene lili mumtima mwanga silingakusangalatseni. Munandilera kuti ndisamanamize mwala, ndipo ndamvera, koma sindikumva kukoma kulikonse.

Anzanga akundilimbitsa mtima kuti kudzabwera kampani ina, golide saola, phiri silisamuka. Zoona, zaka zikadzapita wina adzabwera. Koma achemwali anandiuza zimene adokotala ananena mwezi watha, zija munawaletsa kuti asandiuze. Musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza mpaka analira. Achemwali, pano musadumphe. Ndikudziwa, Bambo. Ndinkadziwa kale pamene ndinali mu tenti ya abwana, ndipo makina ndinawatembenuzabe. Phiri lingadikire kampani ina, koma inu simungaidikire.

Lamulungu lapitali ndinapita ku chigongono wapansi. Ndinatsata msewu wa katapila mpaka pamene unathera, pali mulu wa dothi lofiira ndi mtengo wozulidwa theka, kenako ndinalowa m'tchire. Malowo ndi monga munkanenera. Chipsera chimabwera chowongoka, n'kukhota mwadzidzidzi, ndipo pamenepo miyala ndi yadzimbiri, timitsempha toyera tili balalabalala mbali zonse. Pa thanthwe lina lalikulu ndinapeza mtanda wa penti yofiira, wofufutika, ndere zitamera pamwamba pake. Ndinadziwa kuti ndi dzanja lanu chifukwa mzere wopingasa unakwera kumanja, monga mumalembera chilembo cha t. Ulendo uno ndinatsika m'khwawa, ndinayeza paliponse pamene madzi anatsuka thanthwe. Zonse zikugwirizana ndi zimene munalemba ndisanabadwe. Koma kuyeza si kuboola, inu mukudziwa kuposa ine. Ndinakhala pa thanthwe lanulo mpaka njala inandidzutsa.

Tsopano pempho langa. Ngati adokotala angalole, ndipo ngati mtima wanu ungafune kundiona, bwerani ndithu mvula isanagwe. Makina simudzawapeza, musayembekezere phokoso. Abwana andilola kugwiritsa ntchito galimoto ya kampani mpaka kutha kwa mwezi, ndipo imafika pamene msewu unathera. Kuchokera pamenepo a Girisi akuti iwo ndi anzawo adzakunyamulani pampando, akuti anyamulapo zitsulo zolemera kuposa nkhalamba ya miyala. Alamu akhoza kukuperekezani pa basi, achemwali atenge mankhwala onse, ndi aja a pansi pa pilo omwe. Tidzakhala pa thanthwe lija, inu mudzagogoda ndi nyundo yanu, ine ndidzakuuzani mtundu wa chimene chabenthuka. Pansi pa chigongono palibe chitsulo chinalowapo, ndiye palibe munthu padziko amene angakuuzeni kuti munalakwa. Ndi chokhacho chimene ndakusiyirani, ndipo ndikudziwa kuti n'chochepa.

Ngati simukufuna kubwera, ndimvetsa, sindidandaula. Wometa tsitsi uja ndi anesi akakufunsani, musavutike kufunafuna mawu. Muwauze kuti mwana wanu anayeza pamalo olakwika. Munene choncho, mwana wanu, osati inu.

Moni kwa alamu, ndi kwa ana onse. Auzeni kuti timiyala tonyezimira ndinawalonjeza tija ndawasungira, ngakhale si golide. Moni kwa amayi a nyumba yoyandikana nayo amene amakubweretserani nyuzipepala. Achemwali, zikomo powerenga mpaka pano, ndikudziwa kuti sizinali zophweka. Mukamaliza musathamangire kukhitchini. Mukhale nawo pang'ono m'chipindamo, ndipo akapanda kulankhula musawafunse kanthu.

Bambo, mundikhululukire. Ndinali ndi makina, ndinali ndi phiri, ndinali ndi inu muli moyo, zonse pa nthawi imodzi, ndipo sizidzakumananso.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
amene amakukondani,

Kanyundo.